Magetsi Anali Atazima

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, chaka chimene pakamwa panga panathandiza kuchotsetsa bambo anga ntchito. Ndikunena mosapsatira chonchi chifukwa achibale akamafotokoza nkhaniyi amakonda kuisalaza, amati zinangochitika. Sizinangochitika ayi. Panali anthu amene anazichita, ndipo mmodzi mwa anthuwo ndinali ine.

Tinkakhala m'malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya kampani. Munalibe magetsi, ngakhale mawaya ankadutsa pamwamba pa denga lathu lenilenilo popita ku nyumba za akuluakulu kumtunda. Amayi ankathyola tiyi nyengo ya dzinja yokha, masamba akachuluka. Ababa, a Lufeyo, ndiwo anali ndi ntchito yokhazikika, yosesa ndi kupukuta makina m'fakitale, ndipo nyumbayo inali pa dzina lawo. Mwana aliyense wa m'malaini ankalidziwa lamulo lake asanadziwe kuwerenga: ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo sukulu ya pa esiteti nayo yatha.

Fakitale inkalira osapuma. Munali mafani akuluakulu opemerera masamba kuti afote, ndipo mwana wokulira pamenepo phokoso lake sankalimva mpaka litasiya. Zaka zimenezo linkasiya kawirikawiri, chifukwa magetsi ankangozimazima. Nyengo ya masamba ambiri ankaliza jenereta, koma nyengo yozizira ankati dizilo ndi wodula, anthu adikire. Tsono kapitawo wa shifiti ya ababa, a Mwalija, anali munthu amene akaona wantchito atakhala pansi mutu unkawawawa. Magetsi akangozima ankaomba m'manja n'kutuma osesa kukapukuta malo onse amene sakanawayandikira makina akuyenda. Fumbi la tiyi ndi lopepuka, limalowa paliponse n'kumamatira ngati mwaye, choncho ntchito sinkasowa. Palibe amene ankaona vuto. Aliyense ankadziwa kuti magetsi akazima, chitsulo chilichonse n'chitsulo chabe.

Tsikulo tinali pa tchuthi, kunja kuli chiperoni, kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Amayi anandimangira bakuli la chinangwa ndi nandolo kuti ndikapereke ku geti. Ndinadutsa njira yachidule ya m'kati mwa tiyi, madzi a pa masamba akundinyowetsa diresi mpaka m'chiuno. Nditafika pa kamlatho ka matabwa, fakitale inakhala chete. Kuchokera pa kamlathoko kukafika pa geti ndi mtunda woti munthu amamaliza nzimbe yathunthu, ndipo ine sindinkathamanga.

Ndinali nditaima kanthawi ndithu ndi alonda pamene tinamva kuphulika m'kati, ngati munthu wagenda lata ndi mwala waukulu. Kenako mawu a anthu. Posakhalitsa amuna awiri anatuluka atawagwirira ababa m'khwapa, miyendo yawo ikukwakwaza pansi. Dzanja lawo lamanja analikweza m'mwamba. Zala zitatu zinali zoyera mbuu, m'mphepete mwake mwakuda, ndipo nsidze zinali zitawauka. Ankanjenjemera thupi lonse. Atandiona anangoti, "Andigwira magetsi, Eneresi." Anawakweza pa thirakitala kupita nawo ku chipatala cha esiteti, ine ndinatsala nditakumbatira bakuli lija likadali lofunda.

Patapita masiku atatu anatiitana ku ofesi. M'chipindamo munali bwana wa fakitale kuseri kwa tebulo, kalaliki ndi buku lake, a Mwalija, komanso a Dayisoni, katswiri wa zamagetsi wa fakitaleyo. A Dayisoni ndinkawadziwa bwino. Anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, ndipo mwana wawo Jenifa tinkakhala naye desiki imodzi. Nditawaona mtima unakhala m'malo, ndinati pali wathu.

Ababa anafotokoza zawo, dzanja lili m'bandeji. Anati a Mwalija anawatuma kukatsegula kabati yachitsulo ya pakona, imene m'kati mwake munali zitini zazitali zoimikidwa m'mizere, kuti akachotse fumbi limene linaunjikana pamwamba pake. Ankapala ndi burashi ya waya pamene moto unawalumphira. A Mwalija anapukusa mutu ngati munthu wachisoni. Anati iwo sanatume munthu ku kabati imeneyo. Anati Lufeyo anakabisala kuseri kwake kuti asute fodya, fumbi la tiyi n'kuyaka, ndipo machesi anawapeza m'thumba mwake. Kusuta m'fakitale unali mlandu wochotsedwa nawo ntchito tsiku lomwelo. Pomaliza anandiloza. "Mwana wake yemweyu anali pa geti, bwana. Mufunseni ngati kunali magetsi."

Bwanayo anandifunsa mofatsa. Mafani ankalira? Ndinati ayi. Anasiya nthawi yanji? Ndinati ndili pa kamlatho, kalekale. Nanga bambo ako amasuta? Ndinati eya, amasuta chingambwe. Zonsezi zinali zoona, ndipo ndikanalekera pomwepo mwina lero ndikanamagona bwinoko. Koma ine ndinali nambala wani pa sayansi m'kalasi mwathu. Aphunzitsi anali atatiwonetsa ndi batire, kababu ndi swichi kuti njira ya magetsi ikaduka, babu limazima ndipo palibe chotsala. Ndinkafuna bwana wovala tayi uja adziwe kuti mwana wa munthu wosesa nayenso ali ndi mutu. Popanda wondifunsa ndinawonjezera kuti, "Magetsi akazima sangagwire munthu. Tinaphunzira kusukulu."

Amayi ananditsina pantchafu mpaka ndinadumpha. Kalaliki analemba. Ababa anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, kenako anayang'ana pansi. Bwanayo anatembenukira kwa a Dayisoni n'kuwafunsa ngati magetsi analidi atazima nthawi imeneyo. Iwo anayankha kuti, "Anali atazima, bwana." Sanawonjezere liwu lina. Tinatuluka ndi kalata yoti ntchito yatha ndipo nyumba tichokemo pakutha pa masiku asanu ndi awiri.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndikamakumbukira si kalatayo. Ndi masiku awiri otsatirawo, pamene ine ndinkawayang'ana ababa ngati munthu wabodza. Ndinkawaona atakhala pa khonde, dzanja ataliika pa bondo, ndipo mumtima ndinkati bwenzi atangovomera kuti anasuta. Amayi sankandilankhula, koma nawonso ndinawamva akuwafunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo a Eneresi, ndiuzeni ine ndekha, simunayatse?" Munthu amene anasesa fakitale imeneyo kuyambira ndisanabadwe anali wopanda womukhulupirira ngakhale m'nyumba mwake.

Loweruka m'mawa mnzawo wa pa shifiti anabweretsa kathumba kawo ka zipangizo kamene kanatsala m'fakitale. Amayi anandiuza kuti ndikaike m'dengu la katundu wosamuka. Ndikukhuthula, burashi ya waya ija inagwa pansi. Ndinaitola n'kuiyang'anitsitsa. Mawaya a mbali imodzi anali atasungunuka n'kugwirana, nsonga zake zitasanduka timikanda tozungulira. Ndinali mwana, koma ndinali nditaotchapo zinyalala kambirimbiri, ndipo ndinkadziwa kuti moto wa fumbi sungasungunule chitsulo. Ndinaibisa m'kati mwa juzi n'kukwera mtunda wa ku nyumba za akuluakulu.

A Dayisoni ndinawapeza pa khonde la nyumba yawo ya njerwa akumasula mota ya pampu ya madzi. Sindinagwade, sindinawapatse moni. Ndinaika burashi ija patebulo pawo n'kufunsa kuti, "Abambo a Jenifa, ichi chachita ndi fodya?"

Anaitola n'kuitembenuza. Kenako anauza Jenifa, amene anatuluka kudzandilonjera, kuti abwerere m'nyumba. Anatenga kachitini koyera kamene anali atachotsa pa mota ija, kakang'ono ngati kapu ya tiyi, kokhala ndi timano tiwiri tachitsulo pamwamba. Analumikiza mawaya awiri okhala ndi pulagi, analowetsa pa soketi ya pakhoma kamphindi kochepa, anazimitsa swichi, anazula pulagi, n'kuchotsa mawayawo mosamala ndi pulayala. Kachitini kanatsala kokha patebulo, kosalumikizidwa ku chilichonse.

"Magetsi azima?" anandifunsa.

"Azima."

"Ungakagwire pa timanoti?"

Ndinatambasula dzanja, iwo analimenya mwamphamvu. Anatenga sikuludiraiva ya chigwiriro cha pulasitiki n'kuigoneka pa timano tonse tiwiri nthawi imodzi. Kanalira thwa, kamoto kabuluu kanalumpha, ndipo ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chipilala. Pa chitsulo cha sikuludiraiva panatsala timadontho tiwiri takuda.

Anati dzina lake ndi kapasita. Anatenga ina yakufa imene anali ataidula pakati n'kundiwonetsa m'kati mwake. Munali timapepala tiwiri tachitsulo, topyapyala ngati tonyezimira ta m'paketi ya ndudu, titalitali, tokulungidwa pamodzi ngati mphasa, pakati pake pali kapulasitiki kotiletsa kukhudzana. Anati ukalumikiza ku magetsi, mphamvu imaunjikana pa kapepala kamodzi n'kuperewera pa kanzake. Mbali ziwirizo zimakokana, zimafuna kufanana, koma kapulasitiki kaja kamatchinga. Ukadula magetsi, zounjikanazo zilibe kolowera, zimangokhala momwemo kudikira chilichonse chimene chingalumikize timano tiwirito, kaya ndi waya, kaya ndi dzanja la munthu.

"Ukatunga madzi m'chigubu pa mpopi, n'kutseka mpopi, madzi a m'chigubu amatha?" anandifunsa. Ndinati ayi. Anati kusukulu anatiphunzitsa za mpopi, za chigubu sanafikepo. Anapitiriza kunena kuti timapepalato tikakhala tatikulu ndiponso toyandikana kwambiri, chitini chimasunga zochuluka. Zitini za m'kabati ya ku fakitale, zimene zimathandiza mamota akuluakulu kukoka magetsi mosawononga, chilichonse chinali chachikulu ngati ntchafu ya munthu wamkulu, ndipo zinali zambiri. "Bambo ako ali ndi mwayi kuti ali moyo," anatero.

Ndiyenera kuvomera chinthu chimodzi chimene chimandinyansa kuchivomera. A Dayisoni ankadziwa kuphunzitsa. Ndakhala m'makalasi ambiri chichokereni pamenepo, koma palibe mphunzitsi amene anandiunikira chinthu momveka ngati mmene anachitira munthu ameneyu masana amenewo. Maso awo ankawala akamafotokoza, ngati aiwala chimene ndinabwerera. Ine sindinaiwale. Ndinawafunsa kuti ngati zili choncho, bwanji anthu ena onse amene ankapukuta magetsi atazima sankapsa.

Kuwala kwa m'maso kuja kunachoka. Anati chitini chilichonse cha m'kabatimo chimakhala ndi kanthu kakang'ono kotchedwa rezisita, kamene ntchito yake ndi kukhetsa mphamvu yotsalayo pang'onopang'ono, kuti pakapita mphindi zochepa chikhale chopanda kanthu. Tinthu timeneto tinapsa ndi mphenzi dzinja lapitalo. Iwo anaona, anapempha tatsopano, anauzidwa kuti adikire. Podikirapo sanakhome loko pa kabatiyo, sanalembepo chenjezo, sanauze osesa. Anati ankaganiza kuti palibe angatsegule.

"Ndiye Lolemba mukanene kwa bwana," ndinatero.

"Mwana iwe, sukudziwa mmene zimayendera. Ndikatsegula pakamwa, funso lotsatira ndi lakuti ndani sanakhome loko. Notisi ibwera kuno. Jenifa akagona kuti?"

"Nanga ine ndikagona kuti?"

Iwo anangoyamba kupukuta sikuludiraiva yawo ndi kansanza. Mkulu wa mpingo, munthu amene Lamulungu lililonse ankatiimirira kutsogolo n'kumatiuza za Msamariya wachifundo, anali kupukuta sikuludiraiva. Magazi anandithamangira kumutu. Ndinatsomphola kachitini koyera kaja patebulo n'kuliyatsa liwiro. Ndinawamva akuitana kuti, "Tadikira, sindinamalize," koma sindinacheuke. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine kudekha ndinalibe. Ndinatenga chitini, burashi ndinaisiya patebulo pawo.

Lamulungu lonse ndinakabisa kachitiniko m'mphika wosweka kuseri kwa nyumba, ndikuopa kukagwira pa timano take. Sindinauze munthu. Ndinkafuna Lolemba ndikachite ndekha, kuti pakamwa pomwe panawononga pakonzenso. Ndinapeza msomali wautali n'kukulunga mutu wake ndi mphira wa chubu cha njinga kuti ndigwirepo.

Lolemba m'mawa pa ofesi panali mzere wa anthu ofuna ganyu. Bwana wa fakitale anali ataima pa khonde ndi a Mwalija ndi a Dayisoni, akukambirana za ntchito ya tsikulo. Ndinadutsa mzere wonse, ndinakwera masitepe, n'kuika kachitini kaja pa kampanda ka khonde. Ndinalankhula mokweza kuti aliyense amve. Ndinati ndinalakwitsa tsiku lija, magetsi amatha kugwira munthu ngakhale atazima, amabisala m'zitini ngati ichi, ndipo ndiwawonetsa pompano. Anthu anasendera pafupi. Ndinagoneka msomali pa timano tiwiri tija, nditatsinzina diso limodzi.

Palibe chinachitika.

Ndinayesanso, ndinakanikiza, ndinatembenuza msomali. Kachitini kanangokhala duu. Chimene a Dayisoni ankafuna kumaliza kundiuza, kapena chimene ndikanachiona ndekha ndikanakhala kuti sindinapse mtima, chinali chakuti kamoto kaja ndiko kanali kukhuthuka kwake. Iwo anali atakakhuthula kale pamaso panga. Ndinanyamula chigubu chopanda madzi kudzawonetsa anthu kuti chigubu chimasunga madzi.

Wina pa mzere anayamba kuseka, ena anatsatira. A Mwalija anati, "Nyumba imeneyi bodza ndi la m'magazi, bwana." Koma bwanayo sanaseke. Anatola kachitiniko n'kupatsa a Dayisoni. "Muli chiyani umu?" anafunsa. Ndinawayang'ana m'maso bambo a mnzanga. Soketi inali pakhoma pomwepo, kumbuyo kwawo, ndipo magetsi tsiku limenelo analipo. Ikanakhala ntchito ya mphindi imodzi.

"Mulibe kanthu, bwana," anatero. "Ana amakonda kutola zinthu kudzala."

Ndinakuwa kuti alowetse pa soketi ngati dzana lija, ndinawatchula dzina, ndinawatchula wabodza pamaso pa anthu onsewo, chinthu chimene mwana wa m'malaini sachita kwa munthu wamkulu. Alonda anandigwira pamkono n'kunditulutsa kunja kwa geti. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira burashi. Ndinathamanga mtunda wonse mpaka ku nyumba ya njerwa ija. Mayi a Jenifa ankayanika zovala. Anati iwo burashi sanaione, patebulopo panalibe chilichonse. Sinaonekenso mpaka lero.

Lachinayi thirakitala ya kampani inabwera kudzatinyamula, pakuti pochotsa munthu kampani sinkasowa dizilo. Inali yoti ikatisiye pa msewu waukulu, kuchokera apo tidzionere tokha mpaka kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Khonjeni. Anthu a m'malaini anaima m'makomo mwawo kutiyang'ana. Ena anali oti anamva ndi makutu awo a Mwalija akutuma ababa ku kabati ija, koma aliyense anali ndi nyumba yoti aiteteze. Amayi anakhala kutsogolo kwa ngolo atafumbata nkhuku ziwiri. Ine ndi ababa tinakhala kumbuyo pa matiresi opindidwa, miyendo ikulendewera, tiyi akutsalira m'mbuyo mzere ndi mzere.

Pamenepo m'pamene ndinawauza zonse: za burashi, za khonde la a Dayisoni, za kamoto kabuluu, za timapepala tiwiri tosakhudzana, za tinthu timene tinapsa ndi mphenzi, ndi za manyazi a pa ofesi, amene anali atawamva kale kwa anthu. Ndinkalira ndipo ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwinanso ndinkafuna atatero. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, thirakitala ikutigwedeza m'maenje.

"Wati chimatchedwa chiyani?" anafunsa.

"Kapasita, ababa."

Analibwereza dzinalo kawiri pang'onopang'ono, ngati dzina la munthu amene akufuna asadzamuiwale. Kenako anati, "Ndiye kuti mutu wanga uli bwinobwino. Masiku onsewa ndimadzifunsa kuti kapena ndinayatsadi machesi n'kuiwala." Anayang'ana bandeji yawo. "Pita kutsogoloko ukawauze amako mmene wandiuzira inemu. Usadumphe pena."

Ndinakwawa pamwamba pa katundu n'kukawauza amayi. Titafika pa msewu waukulu amayi anatsika, anapatsa ine nkhuku zija, n'kukawathandiza ababa kutsika, atawagwira m'chiuno ngati mwana. Ndi chokhacho chimene phunziro langa linawabwezera ababa. Ntchito sinabwerere, nyumba sinabwerere, ndipo zala zitatu zija zinapola zitapindika moti khasu ankaligwira movutika. Anakakhala mkamwini wopanda dzanja pamudzi pa eni, ndipo amene akudziwa moyo wa chikamwini akudziwa mawu amene munthu wotero amamva. Ine ndinakhala chaka chathunthu osapita kusukulu.

Lero ndine katswiri wa zamagetsi pa fakitale ina. Anthu akamva amati nkhaniyi inathera pabwino, ndipo ndimawayankha kuti asandiuze zimenezo, chifukwa sipafunika kuti bambo apse dzanja kuti mwana wake aphunzire ntchito. Kabati ya makapasita ya pa ntchito panga ili ndi loko, kiyi amakhala m'thumba mwanga. Ndikazimitsa magetsi ndimadikira, ndimayeza ndi mita, ndimakhuthula chitini chilichonse ndi ndodo yake, kenako m'pamene ndimalola munthu kuyandikira. Wosesa aliyense watsopano, asanagwire tsache, ndimamukhazika pansi n'kumuwonetsa kamoto kabuluu kaja ndi maso ake. Akuluakulu ena amati ndimataya nthawi pophunzitsa anthu osesa zinthu za akatswiri. Amenewo ndimawayankha mawu amene sindingawalembe m'nyuzipepala.

A Dayisoni anadzabwera kumudzi patapita zaka zambiri, atapuma ntchito, tsitsi lili mbuu. Anakhala ndi ababa pansi pa mtengo wa mapeyala masana onse, ndipo ababa anawakhululukira, anawaperekeza mpaka pa siteji ya kabaza. Amayi anandiuza pa foni akuyembekeza kuti ndisangalala. Sindinasangalale. Mpaka pano sindinawakhululukire, ndipo sindinamizira kuti ndatero pofuna kuoneka Mkhristu wabwino.

Chimene ndikumvetsa tsopano, chimene sindikanachimvetsa ndili pa khonde la ofesi ndi msomali m'manja, n'chakuti m'chipinda cha mlandu wa ababa muja a Mwalija okha ndiwo ananama poyera, ndipo bodza lawo palokha silikanaima. Linaima chifukwa cha anthu awiri amene anayankha zoona. Ine ndinanena kuti magetsi anali atazima chifukwa ndinkadziwa theka la nkhani n'kumaliyesa nkhani yonse. A Dayisoni ananena mawu omwewo akudziwa nkhani yonse, anasankha kupereka theka. Umbuli wanga unachira masana amodzi, ndi kachitini kamodzi ndi sikuludiraiva. Za iwo sindikudziwa mankhwala ake. N'chifukwa chake ndikaitanidwa pa mlandu wa ngozi ya pa ntchito sindiyankha funso lokhalo limene ndafunsidwa. Ndimanena zonse zimene ndikudziwa, ngakhale zondigwetsa ine ndemwe, ndipo kawiri konse zanditayitsa mabwenzi.

Ababa anamwalira zaka zinayi zapitazo. Chaka chatha ndinapita ku ofesi ya esiteti ija kukapempha kuti akonze zimene zinalembedwa. Kalaliki wachinyamata, waulemu wake, anafufuza m'makatoni mpaka anaipeza faelo ya ababa, koma anati nkhani yakale chonchi palibe amene angaitsegulenso. Anandilola kuwerenga pepalalo. Palembedwa kuti a Lufeyo anachotsedwa ntchito chifukwa chosuta fodya m'fakitale, ndipo pa mzere wa mboni pali dzina langa.